Tengani Antietam m'malo mwa Gettysburg

Achimwene, mwafunsa kuti mutenge kumenyana kuti ngati chitsanzo cha pamene nkhondo yapachiweniweni ya ku America inatembenukira. Ambiri akuuzani za Gettysburg, koma ine ndikuti lembani za Antietam.

Pa 17 September 1862, m'mbali mwa kamtsinje ka Antietam pafupi ndi tauni ya Sharpsburg ku Maryland, asilikali a Kummwera otsogozedwa ndi Robert E. Lee anaswana ndi a Kumpoto a George McClellan kuyambira m'bandakucha mpaka madzulo. Ophedwa, ovulala ndi osowa mbali zonse ziwiri anafika pafupifupi 23,000 tsiku limodzi lokhalo. Kamsewu kena kokumbika, komwe alimi ankadutsamo ndi ngolo, kanadzaza mitembo yosanjikizana. Nkhaniyi imandimvetsa chisoni nthawi zonse, chifukwa pabwalo la nkhondo palibe anapambana kwenikweni. Lee anangowoloka mtsinje wa Potomac kubwerera ku Virginia, McClellan osamulondola, mpaka pulezidenti Abraham Lincoln anachotsa McClellan pa udindo mu November.

Chachikulu chinachitika kutali ndi mfuti. Lincoln anali atalemba kale chikalata chomasula akapolo mu July, koma nduna yake William Seward inamulangiza kuti ayambe wadikira chipambano, kuopa kuti anthu angati ndi kulira kwa munthu wothedwa nzeru. Kubwerera kwa Lee kunapatsa Lincoln mpata. Pa 22 September analengeza kuti kuyambira 1 January 1863, akapolo onse a m'zigawo zoukira adzakhala mfulu. Nkhondo yomwe inali yongofuna kubwezeretsa umodzi wa dziko inasanduka yothetsanso ukapolo. Boma la Britain, lomwe linkalingalira zolowererapo ngati mkhalapakati, linayamba kuzengereza, ndipo sizikanakhalanso zapafupi kuti lioneke likuikira kumbuyo eni akapolo. Anthu akuda pafupifupi 180,000 analowa usilikali wa Kumpoto nkhondo isanathe.

N'chifukwa chake Antietam ikuthandizani kwambiri. Mudzaonetsa owerenga kuti kumenyana kumodzi kumatha kusintha cholinga cha nkhondo, maganizo a mayiko akunja komanso komwe asilikali atsopano azichokera, ngakhale osagonjetsa mdani kotheratu.

Mukaumirirabe pa Gettysburg ya mu July 1863, musaiwale mzinda wa a Kummwera wa Vicksburg, womwe unagwa pa 4 July chaka chomwecho n'kuika mtsinje wa Mississippi m'manja mwa a Kumpoto. Gettysburg payokha ikuvutani kuikira umboni, poti Lee anamenyabe nkhondo mpaka April 1865.