Kupalasa njinga kuchoka ku Karonga kukafika ku Nsanje

Funso: Akonzi, ndikufuna kupalasa njinga kuchoka ku Karonga kukafika ku Nsanje pa msewu wa M1. Kodi ndizikumana ndi mavuto otani tsiku ndi tsiku?

Yankho: Mukanyamuka mu Juni kapena Julayi, mphepo ya mwera izikukankhirani m'mbuyo tsiku lonse, chifukwa imachokera komwe inu mukulowera. Chitunda cha Chiweta n'chotopetsa, ndipo palibe manyazi kutsika n'kumakankha njinga. Koma chimene chikutidetsa nkhawa kwambiri ndi malole, pakuti msewuwu ndi wopapatiza m'malo ambiri ndipo phula linadyeka m'mbali, choncho musamayende kukada. Nyamulani pampu, zigamba, guluu ndi masipoko, popeza okonza njinga sapezeka paliponse. Mukatsikira ku Chikwawa, komwe kumatentha kwambiri, muzinyamuka m'mbandakucha ndipo muzimwa madzi ludzu lisanakugwireni.