Kwa mchemwali amene wasankhidwa kukaphunzira Literature

Achemwali, mwafunsa ngati kalasi ya Literature ku koleji ikakuthandizeni pa ndakatulo zimene mumalembazo kapena ikangokuziziritsani mtima, komanso ngati amalume anu akunena zoona kuti kosi imeneyi ilibe ntchito. Ine ndikuphunzira zomwezo, ndiye ndikuuzeni zimene ndikuona ndi maso anga.

Chachikulu chimene kalasi ikakupatseni ndi kuwerenga modekha, ndipo kulemba kwabwino kumachokera pamenepo. Ku sekondale tinkaloweza manotsi: atengambali ndi awa, mfundo zazikulu ndi izi, phunziro la nkhani ndi ili, mayeso a MSCE akafika n'kukhuthulira zonse papepala. Ku koleji mukangoti "mlembiyu akudzudzula dyera," lekichala amakuyang'anani n'kufunsa kuti mwaziona pati, tsamba liti, mzere uti, mawu ake ati. Mukasowa poloza ndiye kuti simunanene kanthu. Nthawi zina maola awiri amathera pa ndakatulo ya mizere 12, kalasi yonse ikulimbana ndi chifukwa chimene mlakatuli wadulira mzere pakati pa chiganizo. Poyamba zimatopetsa, osanama. Koma akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo pakapita nthawi mumayamba kuona zinthu zimene kale munkazidutsa osazizindikira.

Kwa ife Amalawi kuwerenga kotereku si masewera a anthu ophunzira chabe. Nthawi ya chipani chimodzi, lamulo la 1968 lounika mabuku ndi zisudzo likugwira ntchito, olemba sankanena zinthu mwachindunji. Gulu la Writers Group limene linayamba ku Chancellor College mu 1970 linkakumana n'kumawerengerana zolemba zawo, ndipo ambiri mwa iwo anaphunzira kubisa mawu m'nthano ndi m'zining'a. Steve Chimombo anatenga Napolo, chinjoka chija chimene akuluakulu amati chimagumula mapiri ndi madzi chikamasamuka, n'kumalankhula nacho za dziko. Jack Mapanje anatulutsa buku lake loyamba la ndakatulo mu 1981, ndipo mu 1987 anamangidwa n'kukhala ku ndende ya Mikuyu mpaka 1991 popanda kuzengedwa mlandu. Munthu wowerenga mothamanga angangoona bilimankhwe ndi mapiri m'ndakatulo za nthawi imeneyo, osadziwa kuti wolembayo anaika moyo wake pachiswe. Tsiku limene tinaphunzira zimenezi m'kalasi ndinatuluka mtima uli myuu, ndipo mpaka pano ndimaona kuti phunziro limenelo lokha ndi lokwanira kuyankha wina aliyense wonyoza kosiyi.

Tsopano za kulemba kwenikweni. M'kalasi ya zolembalemba, munthu amaimirira n'kuwerenga zimene walemba pamaso pa anzake, kenaka amakhala chete anzakewo akuzing'amba. Simuloledwa kudziteteza kuti "ndimatanthauza zakutizakuti." Ngati tanthauzolo silinafike papepala, ndiye kuti palibe. Mnzathu wina anabweretsa ndakatulo yolira agogo ake, yodzaza ndi mawu akuluakulu achingerezi onena za chisoni, misozi ndi mdima. Lekichala anangomufunsa kuti, "Pamaliropo unaonapo chiyani?" Mtsikanayo anakhala kaye duu, kenaka n'kuyamba kufotokoza: azimayi akuphika nsima m'migolo yodula pakati, anyamata akuchokera kumanda makasu ali paphewa, ndi mkeka wa agogowo umene wina anaupinda n'kuutsamiritsa kuseri kwa chitseko, aliyense akuopa kuukhudza. Atailembanso, mawu oti chisoni sanapezekemo n'kamodzi komwe, mkekawo ndiwo unasenza zonse, ndipo ena m'kalasi anawerama akupukuta m'maso. Zoterezi simungaziphunzire pa Facebook, pamene aliyense amangolemba kuti "moto, moto" pansi pa ndakatulo yanu chifukwa amakukondani.

Kodi zingakuziziritseni? Zikhoza kutero ngati simusamala. Maasayimenti amachuluka, ndipo chinenero cha maesseyi, chodzaza ndi mayina a akatswiri osanthula zolembedwa, chimayamba kulowerera ngakhale m'ndakatulo. Ndaona anzanga ena amene anabwera akulemba zokoma, pano akuopa kulemba mzere umodzi poganiza kuti ausanthula bwanji. Njira yake ndi kukhala ndi kabuku kanu kapadera kamene palibe amene akakachonge, n'kumalembamo mosalekeza, ngakhale sabata ya mayeso.

Ngati mumalemba m'Chichewa, musasiye chifukwa chakuti mabuku ambiri a pa kosi ndi achingerezi. Samuel Josia Ntara anatulutsa Nthondo kalekale mu 1933, ndiye musalole wina akuuzeni kuti chinenero chathu n'chongoyenera nyimbo ndi nthabwala. Ngati ku koleji kwanuko kuli maphunziro a zinenero za mu Africa, tenganiko ngakhale limodzi. Nthano, miyambi ndi nyimbo za pamtondo zimene munkamva kumudzi zimaphunziridwa mwakuya ngati zolembedwa zina zonse, ndipo mukazibweretsa m'zolemba zanu zimakupatsani mawu amene mnzanu wongowerenga za kunja sangakhale nawo.

Za amalume anu, asakupsetseni mtima, nkhawa yawo ndi yachikondi. N'zoona kuti kuno kwathu ndi ochepa amene amadya za mabuku okha. Koma omaliza kosiyi amapita ku uphunzitsi, ku nyuzipepala, ku wailesi, kumakampani osindikiza mabuku, ndi kumabungwe kumene amafuna munthu wolemba malipoti omveka. Auzeni zimenezo mwaulemu, ndipo muwaonetse kuti mwaganizirapo.

Musanapite, funsani amene ali chaka chachiwiri akutumizireni mndandanda wa mabuku a semesita yoyamba, muyambiretu kuwerenga panopa, pensulo ili m'manja. Mabuku a mu laibulale amakhala ochepa ndipo amathamangiridwa sabata yoyamba yomweyo, choncho mukafika pezani anzanu awiri kapena atatu oti muzibwerekana nawo, amenenso angakuuzeni mosapsatira ndakatulo yanu ikakhala kuti sinapse.