Kodi ma blueberry angalowe m'malo mwa mapiritsi a shuga?

Funso: Ndimadwala matenda a shuga. Mlamu wanga akuti ndikamadya ma blueberry tsiku lililonse ndikhoza kusiya mapiritsi. Kodi n'zoona? Ndine mayi wothedwa nzeru.

Yankho: Mayi, mapiritsiwo musasiye ayi. Alamu anuwo akukufunirani zabwino, koma apa akokomeza.

Tizipatso timeneti, tomwe kwawo ndi ku North America, n'tabwinodi. Pa magalamu 100 aliwonse, pafupifupi 84 ndi madzi, shuga ndi magalamu ngati 10, ndipo 2.4 ndi faiba, yomwe imathandiza kuti shuga asathamangire kulowa m'magazi. N'chifukwa chake mungathe kudya, bola kadzanja kamodzi, osati mbale yodzaza.

Mukatafuna, kayang'aneni lilime pagalasi, mudzaona kuti lada. Utoto umenewo ndi anthocyanin, wochokera makamaka pakhungu la kachipatsoko, ndipo ofufuza amaona kuti umathandiza mitsempha ya magazi. Ineyo ndimatiyamikira pa chifukwa chimenechi. Pa vitamini C pokha anthu amatitama mopitirira: pa magalamu 100 muli mamiligalamu osakwana 10, pomwe lalanje limaposa 50.

Toumitsa mufiriji tilibe vuto. Chenjerani ndi touma ta m'mapaketi, chifukwa kawirikawiri amathiramo shuga. Ndipo ngati mumamwanso warfarin, mankhwala oletsa magazi kuundana, yambani mwafunsa adokotala musanayambe kudya tambiri, poti muli vitamini K yemwe amasokoneza mankhwalawo.