Yankho kwa azakhali pa nkhani ya digiri ya IT

Azakhali, ndamva uthenga wanu, ndipo ndaona kuti ndiyankhe pagulu pomwe pano kuti abambo, omwe ndi amalume ake a mwanayu, amve nawo, popeza nkhani ya fizi idzafika kwa iwo ndi kwa tonsefe. Mwafunsa ngati nkwanzeru kuti msuweni wangayu, yemwe wakhoza bwino mayeso a MSCE, akaphunzire digiri ya Information Technology monga mtima wake ukufunira, pamene anzanu ena akukuuzani kuti za makompyuta munthu amaphunzira miyezi itatu yokha m'tauni ndipo kuli bwino achite unamwino womwe ntchito yake ndi yodziwika. Mwanenanso kuti foni ikavuta pakhomopo amene amaikonza ndi iyeyo. Ine ndikuti apite, koma chimene chikundilimbitsa mtima si luso lake pa foni ayi, ndi masamu amene mwati wawakhoza bwino aja.

Anzanuwo sakunama, koma akunena za chinthu china. Maphunziro a miyezi itatu aja amaphunzitsa munthu kugwiritsa ntchito mapulogalamu omwe ena adapanga kale, monga kulemba kalata pa Word ndi kuwerengetsa ndalama pa Excel, ndipo ndi othandiza ndithu. Digiri imatenga zaka zinayi, ndipo imaphunzitsa munthu kupanga mapulogalamuwo, kulumikiza makompyuta a kampani yonse kuti azilankhulana, kusunga zinthu zofunika kuti zisatayike kapena kubedwa, ndi kupeza chomwe chavuta pamene zonse zaima ndipo anthu ali pamzere akudandaula.

Tengani chitsanzo cha ndalama zomwe mumatumiza kumudzi pa Mpamba kapena pa Airtel Money. Inu mumangodina manambala, kenaka uthenga umabwera. Koma kuseri kwake kuli nkhokwe ya pakompyuta yomwe timaitcha database, momwe mudalembedwa kuti aliyense ali ndi ndalama zingati. Mukatumiza, pulogalamu iyenera kuchotsa ndalamazo kwa inu ndi kuziwonjezera kwa agogo, ndipo zinthu ziwirizi ziyenera kuchitika zonse pamodzi kapena zisachitike n'komwe. Ngati netiweki itaduka pamene ndalama zachoka kale kwa inu koma zisanafike kwa agogo, pulogalamu yolembedwa bwino imabweza zonse mmene zinalili, pamene yolembedwa mosasamala imasiya ndalamazo zili m'malere. Mwana wa IT amakhala pansi semesita yathunthu kuphunzira mmene zimenezi zimapangidwira, pogwiritsa ntchito chilankhulo cha makompyuta chotchedwa SQL, ndipo pamayeso amamufunsa chomwe chingachitike anthu awiri atafuna kutapa ndalama mu akaunti imodzi pa nthawi yofanana. Amene adangozolowera kudinadina foni funso lotere limamusowetsa pogwira, koma amene adazolowera kutsata sitepe iliyonse ya samu mpaka yankho litatuluka amaliona ngati lachibale.

Chaka choyamba ndi chomwe chimadabwitsa ambiri. Ana amapita akuyembekeza kuti azingokhala pa kompyuta, koma amakapeza masamu, maphunziro a kalembedwe ndi kayankhulidwe ka Chingerezi, ndi chiyambi cha kulemba mapulogalamu m'zilankhulo monga Python, Java kapena C++. Kulemba pulogalamuko kumafuna kuleza mtima kwa mtundu wake. Mphunzitsi akhoza kupereka ntchito yooneka yaing'ono, yoti pulogalamu ilandire malikisi a ana a m'kalasi n'kutulutsa amene wapambana. Mwana amalemba mizere makumi atatu, akuti ayese, kompyuta n'kukana, n'kutulutsa mawu ofiira osamveka. Amayang'ana usiku wonse, ndipo mapeto ake amapeza kuti pamzere wina adaiwala kachizindikiro kamodzi, kapena adayamba kuwerenga pa 1 pamene kompyuta imayambira pa 0. Ndaona anzanga anzeru kwambiri akugwa mphwayi pamenepa, osati chifukwa choti zinali zovuta kuzimvetsa, koma chifukwa sadazolowere kukanidwa ndi chinthu chomwe sungachinyengerere. Ndiye inu amene mumamudziwa mwanayu mudzifunse kuti samu ikamukanika amatani, amatseka kope kapena amabwereza mpaka itheke. Zaka zotsatira zimabweretsa za manetiweki, za Linux (pulogalamu yoyendetsa kompyuta, monga Windows), za chitetezo cha makompyuta, za kupanga mawebusaiti ndi mapulogalamu a pafoni, komanso luso lokambirana ndi eni ntchito kuti umve chomwe akufuna usanayambe kulemba chilichonse. Chakumapeto kuli atachimenti kukampani ndi pulojekiti yomwe amaiteteza yekha pamaso pa aphunzitsi.

Tsopano za komwe angakaphunzire. Mukumbukire kuti mu 2021 University of Malawi idagawidwa, kotero Poly ija ya ku Blantyre pano ndi MUBAS, ndipo Chanco ya ku Zomba ndi yomwe idatsala ndi dzina la UNIMA. Ku MUBAS kuli digiri ya Information Technology yeniyeniyo komanso ya Management Information Systems, yomwe imapendekera ku kayendetsedwe ka bizinesi. Ku UNIMA kuli Computer Science, yomwe imazama kwambiri pa masamu ndi pa mmene kompyuta imagwirira ntchito mkati mwake. Ku Mzuzu University kuli ya Information and Communication Technology, pamene ku MUST, ku Thyolo, kuli Business Information Technology ndi Computer Systems and Security. Mainawa amasokoneza makolo ambiri, koma zoona zake n'zakuti maphunziro ambiri oyambirira amafanana, ndipo kuntchito anthu ochokera m'madigiri onsewa timakumana m'chipinda chimodzi. Choncho asaumirire dzina limodzi lokha. Polemba fomu ya NCHE, bungwe lomwe limayendetsa kasankhidwe ka ophunzira m'mayunivesite aboma, aike maphunziro angapo oyandikanawa m'sukulu zosiyana, chifukwa malo ndi ochepa ndipo olimbirana ndi ambiri. Amafuna makirediti asanu ndi limodzi kuphatikizapo Chingerezi, ndipo pa maphunziro awa amayang'anitsitsa masamu, kwina ndi sayansi yomwe. Zofunika pa digiri iliyonse zimalembedwa pa chidziwitso chomwe NCHE imatulutsa chaka chimenecho, ndiye awerenge chimenecho mzere ndi mzere, asadalire zomwe adamva kwa mnzake wa chaka chatha.

Akapanda kusankhidwa kuboma, sikuti njira yatsekeka. Ziliko sukulu zomwe si zaboma zophunzitsa za makompyuta, ndipo ena amayamba ndi dipuloma n'kudzakwera pambuyo pake. Koma pamenepa ndikupemphani chinthu chimodzi, azakhali, ndipo abambo mumve nawo: musalipire ngakhale tambala musanaone kuti sukuluyo ndi digiri yakeyo zili pa mndandanda wa zovomerezeka ndi NCHE. Ndikuti digiri yakeyo, chifukwa sukulu ikhoza kukhala yolembetsedwa pamene maphunziro ena omwe ikupereka sadavomerezedwe. Chikwangwani chokongola pamsewu sichitanthauza kanthu. Munthu akhoza kutha zaka zinayi, banja litagulitsa mbuzi ndi chimanga, n'kudzapeza kuti pepala lakelo olemba ntchito sakulilandira ndipo sangapitirize nalo maphunziro kwina.

Pa nkhani ya ndalama, liripo bungwe la boma lobwereketsa ophunzira osowa, la Higher Education Students' Loans and Grants Board, ndipo akangolandira malo afunsire msanga. Dziwani kuti ndi ngongole yomwe adzabweze akamaliza, ndiponso si onse ofunsira amene amapatsidwa, kotero banja likhale ndi pogwira pena. Malo ogona m'mahositelo sakwanira, ana ambiri amachita lendi kunja kwa sukulu, ndiye pali nyumba, chakudya ndi thiransipoti.

Koma chomwe ndikufuna kutsindika kwambiri ndi laputopu, chifukwa makolo ambiri amaiyesa chinthu chodzionetsera chomwe chingadikire. Pa digiri iyi laputopu ili ngati khasu kwa mlimi, ndipo wobwereka khasu amalima mwini atamaliza. Malabu a makompyuta kusukulu aliko, koma amakhala odzaza ndipo amatsekedwa nthawi yake ikakwana, pamene luso la kulemba mapulogalamu limabwera ndi maola ambirimbiri omwe munthu amakhala yekha akuyesa ndi kulakwitsa. Siyenera kukhala yatsopano. Yogwiritsidwapo kale ntchito ndi yokwanira, bola ikhale ndi RAM (memore yomwe kompyuta imagwirira ntchito) ya 8GB kapena kuposa, ikhale ndi SSD (chosungira zinthu chomwe chimagwira ntchito mwachangu), ndipo batire yake izisunga moto kwa maola angapo, chifukwa magetsi athu mukuwadziwa ndipo tsiku lopereka ntchito silisuntha chifukwa choti kunali mdima. Pogula musapite nokha, mundiitane ndikayese batireyo ndi mabatani onse tisanapereke ndalama. Muikenso padera kandalama ka bandulo mwezi ndi mwezi, popeza zambiri zomwe adzafune kuwerenga zili pa intaneti ndipo mabuku a m'laibulale pa nkhani za makompyuta sachedwa kutha ntchito. Ndikadakhala ine wogawa ndalama za banja, ndikadachepetsa za zovala ndi sutikesi yatsopano n'kuika pa laputopu.

Za ntchito ndinena mosabisa. Unamwino uli ndi njira yodziwika, ndipo ndi ntchito yolemekezeka, ngakhale kuti nawonso anamwino ena amadikira asanalembedwe. Ku IT kulibe ofesi yomwe imadikira omaliza maphunziro kuti iwagawire malo. Ntchito ziliko m'mabanki, m'makampani a mafoni monga TNM ndi Airtel, m'mabungwe aboma monga MRA ndi MACRA, m'mabungwe omwe si aboma, ndiponso m'zaumoyo momwe, chifukwa Unduna wa Zaumoyo umasonkhanitsa ziwerengero za m'zipatala kudzera pa pulogalamu yotchedwa DHIS2 ndipo pamafunika anthu oisamalira. Chiphaso cha unzika chomwe tidayamba kulembetsa mu 2017 nachonso chimadalira nkhokwe ya pakompyuta yomwe imafuna akatswiri. Malamulo nawo akuwonjezera ntchito, popeza pali lamulo la 2016 lokhudza zochitika pa intaneti ndi chitetezo chake, komanso la 2024 loteteza zinsinsi za anthu zosungidwa ndi mabungwe, ndipo makampani osunga maina ndi manambala a makasitomala amafuna anthu odziwa kuziteteza. Komabe omaliza digiri ndi ambiri chaka chilichonse, ndipo ena amakhala pakhomo nthawi yaitali.

Kusiyana kwa amene amapeza ntchito msanga ndi amene amadikira, monga ndaonera ine, nthawi zambiri sikukhala pa malikisi okha. Pa intavyu ya ntchito izi amafunsa kuti wapangapo chiyani, ndipo ena amakupatsa kompyuta pomwepo kuti ulembe pulogalamu iwo akuona. Mwana amene pa tchuthi adapangira gulu la banki m'khonde kapulogalamu kolembera masheya ndi ngongole, kapena adathandiza sukulu ya kwawo kusunga maina ndi malikisi a ana, n'kuika ntchito yakeyo pa webusaiti yosungirapo mapulogalamu yotchedwa GitHub pomwe aliyense angaione, amakhala ndi chokamba. Amene adangoloweza manotsi n'kukopera pulojekiti ya mnzake amaululika m'mphindi zochepa. Masiku ano kwabweranso mapulogalamu monga ChatGPT omwe amatha kulembera munthu pulogalamu yonse, ndipo ndi othandiza kwa amene akudziwa kale chomwe akuchita, koma mwana wa chaka choyamba akawazolowera amafika chaka chachinayi asakutha kuwerenga zomwe wapereka m'dzina lake. Atachimenti aitenge ngati ntchito yeniyeni, chifukwa ambiri amadziwika ndi mabwana kumeneko, ndipo ngati angakonde za manetiweki, satifiketi ya Cisco yotchedwa CCNA imawonjezera mphamvu pa digiri.

Mwina mukudandaulanso kuti ndi mtsikana. Ndi zoona kuti m'makalasi amenewa anyamata ndi amene amachuluka, ndipo pa ntchito za m'magulu pamakhala chizolowezi choipa chopatsa mtsikana ntchito yolemba lipoti pamene anyamata agwira kiyibodi. Mumuuze kuti akane zimenezo kuyambira semesita yoyamba, azilemba nawo pulogalamuyo ndi manja ake, chifukwa mayeso ndi intavyu adzalowa yekha.

Pakali pano, pamene tikudikira kuti mafomu atuluke, pali njira yosavuta yodziwira ngati izi n'zakedi. Ndili ndi laputopu yakale yomwe ikugwirabe ntchito, ndiitumiza ndi abambo akamabwera kumeneko, nditaikamo Python ndi maphunziro oyambira omwe safuna intaneti. Ayese kwa mwezi umodzi, ola limodzi kapena awiri patsiku akamaliza ntchito zapakhomo, ndipo Loweruka lililonse azinditumizira zomwe walemba ngakhale zitakhala kuti zikukana. Akamadzafika pondivutitsa ndi mafunso usiku, tidzadziwa kuti fomu ija tilembe motani. Munditumizirenso chithunzi cha zotsatira zake za MSCE kumbali, osati pagulu pano, kuti ndione magiredi a masamu, sayansi ndi Chingerezi, kenaka ndidzakuuzani maphunziro omwe angaike poyamba ndi omwe angaike pambuyo. Mupereke moni kwa onse kunyumbako.