Yambani ndi pakati pa chingwe, Mayi

Mayi, pa nkhani ya mwana wanu amene akuvutika kuika manambala pamalo ake pa mzere wa manambala, buku la masamulo liikeni kaye pambali, mangani chingwe pakhonde ngati choyanikapo zovala, kumanzere mupanire kapepala ka 0 kumanja ka 10,000. Kenako mumufunse kuti pakati penipeni pakhala nambala yanji. Akapeza 5,000 ndiye kuti zayamba kuyenda, agawenso pakati apeze 2,500 ndi 7,500, basi mukamupatsa nambala ngati 6,800 aziyamba wanena kuti ili pafupi ndi iti asanaipanire.

Ana a Sitandade 4 amene ndawathandizapo ine vuto limakhala lomweli, kamzere kalikonse kogawa mzere wa manambalawo amakawerenga 1, 2, 3 pomwe sitepe imodzi ndi 1,000, ena mumapeza 1,000 amuika pakati pa mzere chifukwa kwa iwowo ndi nambala yaikulu kale. Ndiye nthawi zonse asanayambe muzimufunsa mwana wanuyo kuti kudumpha kamodzi apa ndi zingati. Za ndalama zimathandizanso kwambiri, mwana amene amatumidwa kugolosale amadziwa kale kuti K5,000 ndi ma K1,000 asanu, ingomukumbutsani zimenezo ali pachingwepo. Akazolowera sinthani kumapeto kukhale 100,000, njira yake ndi yomweyo.

Koma ngati patha teremu yonse akusokonezabe 603 ndi 6,003 kapena akulemba manambala motembenuza, kaonaneni ndi aphunzitsi ake, atha kukulumikizani ndi aphunzitsi a ana ofunika thandizo lapadera. Mukamuyezetsenso maso kuchipatala, ana ena timizere tating'onoting'ono ta m'bukumo sationa bwinobwino.