Kompyuta ikamajambula, mwana aphunzira chiyani?

Funso: Ndimaphunzitsa masamu ku sekondale. Anzanga akundiumiriza kuti ndiyambe kuphunzitsa jiyometiri ndi GeoGebra, pulogalamu ya masamu ya pa kompyuta. Nkhawa yanga ndi iyi: kompyuta ikamajambula ndi kuyeza ngodya yokha, ana sadzaiwala kampasi ndi rula? Nanga pa mayeso adzalemba chiyani?
Mphunzitsi wa masamu

Yankho: Aphunzitsi, kampasi musaitaye, koma pulogalamuyi musaiope. Anaiyambitsa ndi Markus Hohenwarter mu 2001 ku yunivesite ya Salzburg, ku Austria, ndipo isanabwere kunali kale zina monga Cabri ya ku France. Ndi yaulere kwa aphunzitsi ndi ophunzira, ndipo mukaiika pa foni kapena pa kompyuta imagwira ntchito ngakhale popanda intaneti.

Kwa ine phindu lake lagona pa kukoka. Auzeni ana ajambule sikweya. Ambiri adzangoika madontho anayi mongoyerekeza ndi maso n'kuwalumikiza. Inu fikani, gwirani ngodya imodzi, muikoke. Sikweya ija ipindika pomwepo! Koma mwana amene anamanga yake ndi mizere yokumana pa madigiri 90, n'kugwiritsa ntchito bwalo kuti mbali zifanane, yake imakula, imachepa, imatembenuka, koma imakhalabe sikweya. Pabolodi awiriwa simungawasiyanitse, choko chimabisa zambiri.

Yesaninso ichi. Jambulani bwalo ndi mzere wolidula pakati penipeni. Ikani dontho m'mphepete mwa bwalolo, mulilumikize kunsonga ziwiri za mzerewo. Mwana mmodzi akoke dontholo, anzake aziyang'ana ngodya yomwe ili pamenepo. Sisuntha pa 90. (Musakoke ndinu. Aphunzitsi ambiri timakakamira mausi, ana n'kumangoonera ngati kanema.)

Apa ndiye nkhawa yanu ili ndi mutu. Mwana akaona 90 maulendo ambirimbiri amati nkhani yatha, chonsecho kuona si umboni. Pulogalamuyi imaonetsa kuti zikutero, koma chifukwa chake siinena. Choncho zimitsani makompyuta, atulutse makope. Alembe mzere wochoka pakati pa bwalo kufika pa dontho lija. Patuluka zinthu ziwiri za ngodya zitatu, chilichonse chili ndi mbali ziwiri zofanana, ndipo akaphatikiza ngodya zake adzipezera okha kumene 90 ija ikuchokera. Zimenezi ndi zomwe mayeso amafuna, ndipo amazilemba ndi pensulo.

Ngati kompyuta ndi imodzi yokha, ana azisinthana, ndipo asanakoke aziyamba anena chimene akuganiza kuti chichitika.