Iwe msuweni, za nyanja ya ku Durban zija

Alo... eee, ikujambula? Chabwino. Iwe msuweni, mwamuna wanga wa chisuweni, funso lako ndaliona pagulupu pano. Ndinaliona m'mawa ndithu koma ndinali kuchigayo, ndiye ndinati ndiyambe ndakhala pansi. Wati popeza ukusamuka ku Cape Town kupita ku Durban, tikuuze kuti nyanja yake ndi yotani, zakudya zake n'zotani, moyo ukasiyana bwanji. Iwe amene unkalira powoloka Bua madzi ali m'maondo, mpaka achimwene kukubereka, lero ukufunsa za nyanja! Ayi zikomo, tiyankha, konseko ndinakhalako.

Nyanja sizofanana, zimenezo n'zoona. Ya ku Sea Point ndi ku Camps Bay ukuidziwa wekha, ukaponyamo phazi fupa limachita kuwawa, ngakhale mu Januwale dzuwa likuswa mtengo. Ku Durban madzi ndi ofunda, anthu amasambira ndi mu Juni momwe. Abwana anga aja ndi amene anandifotokozera tsiku lina ndikusita zovala, akuti a ku Durban amatsetsereka kuchokera mbali ya Mozambique kotentha kuno, amati Agulhas, pomwe a ku Cape kumadzulo kuja ndi Benguela, ozizira. Koma kufundako kusakunamize. Si ku Senga Bay kumene umayenda n'kuyenda madzi akadali m'chiuno. A ku Durban amakoka miyendo pansi iwe ukuona ngati waima. Ukasambire pakati pa mbendera zofiira ndi zachikasu, pamene pali anyamata opulumutsa anthu, akaliza wezulo utuluke usachite makani ako aja. Za shaki, zinsomba zoluma anthu zija, usaope kwambiri, anatchera maukonde kutsogoloko. Ndipo pa 1 Januwale usakayerekeze kupita ndi foni m'thumba, pamakhala anthu posowa poponda.

Mvula nayo ikakutembenukira. Ku Cape imagwa m'nyengo yozizira, Juni, Julayi, yowaza ngati chiperoni, kuphatikiza chimphepo chija chogwetsa anthu pamsewu. Ku Durban imagwa monga kwathu kuno, dzinja lathu ndi dzinja lawo. Chovuta ndi chifundizi. Umasamba, kuvala, usanafike pokwerera tekisi thukuta lili kamukamu. Nsapato ukaisiya kunsi kwa bedi masabata awiri umaipeza yachita chuku. Ndipo pofuna nyumba, tamvera apa, usakatenge ya m'chigwa kapena m'mbali mwa mtsinje chifukwa choti lendi yatsika. Mu Epulo 2022 madzi anasefukira kumeneko, anthu oposa 400 anamwalira, nyumba zinkachita kutsetsereka ndi dothi lomwe. Mnzanga wina amene tinkagona chipinda chimodzi anatuluka ndi chitenje chokha chimene anafunda.

Zakudya, aaa, sukafa ndi njala. Ufa ndi womwewo wa m'sitolo. Azulu amakonda phuthu, nsima yoyoyoka ija, amadyera amasi, chambiko chathu chomwechi. Nsomba ya snoek ndi chibuledi cha gatsby za ku Cape zija uziiwale, kumeneko ndi bunny chow, buledi amamuboola pakati n'kuthiramo nyemba kapena nyama yophika ndi curry. Tsabola wake, iwe, kambuzi wathuyu ndi mwana. Masamba ukawapeza ku Warwick, msika waukulu pafupi ndi siteshoni, bonongwe aliko, nkhwani aliko, ukangogula nsinjiro... ayi, nsinjiro sukaipeza yosinja kale, ukagule mtedza ukapere wekha. Mu Juni kapena Julayi kumabwera sadini wambiri m'mphepete, anthu amathamangira ndi mabeseni ngati usipa watuluka ku Nkhotakota.

Dikira pang'ono. Iwe, pitikitsa nkhukuzo pamphalepo! Pepani abale.

Ndimati chani... eya, nyanja. Nkhani ya nyanja ya ku Durbanyi yandikumbutsa botolo lija. Iwe sungalikumbuke, unali usanabadwe, kaya unali kumsana. Ayi ndalakwitsa, unali usanabadwe, chifukwa amene anali kumsana ndi achemwali ako. Botolo la atsibweni aang'ono, bambo ako aang'ono. Akuluakulu pagulupu pano akulidziwa.

Iwo aja anapita ku Joni ndi Wenela, bungwe lija lolemba anthu ntchito za kumigodi, ali mnyamata, asanakwatire n'komwe. Miyezi yoyamba makalata ankabwera, agogo ankapita nawo kwa aphunzitsi kuti awawerengere, powerengapo mudzi wonse unkakhala pansi. Ndiye mu Epulo 1974 ndege ija yobweza anthu kumudzi inagwa itangonyamuka ku Francistown, ku Botswana, anthu oposa 70 n'kutha. Kamuzu anakwiya, analetsa zolemba anthu ntchito za kumigodi, amuna anayamba kubwerera m'midzi. Kwa Wimbe anabwera, ku Chamama anabwera, aliyense ndi sutikesi yake ndi bulangete. Agogo tsiku ndi tsiku kumsewu. Atsibweni osaoneka. Dzina lawo pa anthu a m'ndege silinamveke, komanso kalata inasiya. Anthu anayamba kunena kuti basi, tingometa, munthuyu anapita. Agogo anakana kwamtuwagalu. Amayi amanena kuti agogo ankati, mwana wanga sindinamuone m'bokosi, lumo lisandiyandikire. Khasu la atsibweni analisomeka kudenga, palibe ankaloledwa kulimira.

Zaka 20, msuweni. Agogo aamuna anamwalira osamuonanso mwana wawo. Pamaliro paja anthu ankati mtchona uja akanamva bwenzi atabwera, koma akanamva bwanji, adiresi panalibe amene ankaidziwa.

Anadzatulukira mu 1994, chaka chomwe Mandela analowa uko, kuno a Muluzi. Ine ndinali wamng'ono koma ndikuona ngati dzulo. Tinali pakhonde tikutongola chimanga, n'kuona bambo wina wovala chijasi chachitali dzuwa lili phwee, waima pa mkuyu paja akuyang'ana uku ndi uku. Nyumba zinali zitasuntha, sanadziwe kolowera. Anafunsa ife ana m'Chichewa chosakaniza, akuti yebo, yebo, ife kuseka. Agogo anatuluka m'khitchini ndi chipande m'manja. Sanakuwe, sanathamange. Anangokhala pansi pomwepo padothi, chipande chili m'manja, n'kumawayang'ana. Kenako ndi pamene kulira kunayamba, mudzi wonse unasonkhana ngati pagwa zovuta.

Madzulo anatsegula sutikesi, yomanga ndi chingwe chifukwa loko anali atathyoka. Anthu ankayembekeza zinthu, si munthu wakhala ku Joni zaka zonsezi. Munali bulangete limodzi, wailesi yopanda mabatire, malaya awiri, ndi botolo lalikulu la pulasitiki lodzadza madzi, pansi pake timchenga. Akuti madzi a m'nyanja ya ku Durban, kumeneko anthu amatunga kukawaza pakhomo. Agogo anathira pang'ono pachikhatho, kulawa, n'kulavula. Akuti mchere wonsewu ungotayika m'madzi anthu tikuusowa! Koma botololo analisunga kumutu kwa mphasa mpaka tsiku lomwe anatisiya. Ife ana tinkaba kulawa.

Ndipo agogo sanawafunse za ndalama, ayi. Funso lawo linali limodzi, pamaso pa anthu onse: kodi kumeneko pepala linasowa? Atsibweni anangozyolika.

Anakhala movutika miyezi yoyamba, ukudziwa. Ndiwo zopanda tsabola zinkawakanika, nkhwani wotendera ankangomugwiragwira. Madzulo ankapita kudambo kukakhala pachulu, akuti akusowa phokoso la madzi, kuno usiku kuli zii mpaka tulo osabwera. Anthu ena ankati mutu sukuyenda bwino. Mutu unali bwinobwino. Munthu anali atazolowera kwina, basi.

Yankho la funso la agogo lija anadzandiuza ine, patapita zaka zambiri, sabata yomwe ndinkanyamuka ulendo wanga wa ku Cape. Tinali m'chigafa tikusoka fodya, awiriwiri, manja akuda bii ndi utomoni. Anati mphwanga, ndikuuze. Kontirakiti itatha sanafune kubwerera chimanjamanja, ndiye anazemba n'kutsikira ku Durban, kudoko, kumanyamula katundu wa m'sitima. Poyamba zinkayenda. Kenako ntchito inatha. Anati ndilemba kalata ndikapeza kanthu koika mu envulopu, kalata yopanda kanthu ikawachititsa manyazi amayi pamaso pa aphunzitsi. Mwezi unatha. Chaka chinatha. Atapezanso ntchito, manyazi anali atasanduka ena, oti ndiyamba ndi mawu ati nditakhala chete nthawi yonseyi. Pepala ankagula ndithu, akuti ankalemba moni n'kulekera pomwepo. Ankapita kunyanja Lamulungu kukakhala pamchenga, kuyang'ana sitima zitandandalika kudikira kulowa padoko, n'kumati mwezi wamawa. Akundiuza zimenezi singano ili m'manja, osasoka, misozi ikugwera pafodya.

Ndiye msuweni... hmm. Ndinene pano pomwe, popeza wafunsira pano, ndipo muno mulibe mlendo. Ine funso lako sindinalimve ngati la nyanja. Iwe nyanja sumaikonda, zaka zonsezi ku Cape sunatumizepo chithunzi ngakhale chimodzi uli pamchenga. Munthu amene wakhala malo amodzi kuyambira nthawi ya chilala chija cha 2018, mukupimirana malita 50 patsiku osathawa, sanyamuka lero ulendo wa makilomita oposa 1,600 chifukwa cha madzi ofunda. Amayi ako ndinakumana nawo pa boma Lachisanu, akuti miyezi iwiri tsopano foni ikaitana sukuyankha, umangolemba kuti ndili bize. Ine ndikuona ngati ntchito ija yatha, kapena yatsala pang'ono, ndipo ukufuna kumva ngati kumene ukupitako munthu angayambirenso. Ngati ndaphonya undikhululukire, udzandilipiritse nkhuku. Koma ngati ndalasa, sindikukuyalutsa ayi. Palibe pagulupu pano amene ntchito sinamuthereko.

Kuyambiranso kumatheka. Chimene ndikukupempha n'chakuti usakhale chete. Ukhale ndi ndalama, ukhale ulibe, foni ya amayi ako uziyankha. Akaitana iwo sakuitana Mukuru, akuitana mwana wawo.

Ndipo ukafika, usanafunefune kumene kuli nyanja, ufune kumene kuli anthu akwathu. Aliko ambiri, a ku Mangochi, a ku Mzimba, akwathu konkuno. Upeze tchalitchi, ulowe gulu la chipereganyu ndi la zamaliro ngakhale uziponya zochepa. Ine ndinaona mu Epulo 2015 pamene anayamba kuthamangitsa alendo ku Durban konko. Ndinatuluka m'nyumba ndi kachikwama kamodzi. Anandipulumutsa ndi amayi a kumpingo, iwo ndi amene anandiimbira usiku kuti usagone kumeneko, iwo ndi amene anandilembetsa dzina pa mabasi amene boma linatumiza. Anyamata amene ankakhala okhaokha, osadziwika ndi aliyense, tinkachita kufunsana kuti kodi uja wa malaya ofiira uja ndi wa kwa yani, osapezeka womudziwa. Sindikukuopseza, anthu akukhala ndithu ndipo Azulu ambiri anatisunga bwino, mayi amene ndinkachita lendi kwawo anabisa katundu wanga mpaka anadzanditumizira. Uphunzire kupereka moni m'chinenero chawo, sawubona, ngiyabonga, Chixhosa chako cha ku Cape chikakuthandiza, n'zoyandikana. Kungoti usakakhale munthu wopanda womudziwa.

Nambala ya mayi wa kumpingo uja ndikadali nayo, ndikutumizira kumbali. Mwamuna wake amadziwa za maganyu a zomangamanga. Ukamuuze kuti ndiwe msuweni wanga, akakulandira, mwinanso akakuphikira nsima yeniyeni osati phuthu.

Bambo ako aang'ono manda awo ali apo, pafupi ndi a agogo, unawaona pa chiliza paja. Zaka zimene anakhala nafe atabwerera zinali zabwino, ana tonse tinkawakonda, koma bambo awo sanawapeze. Ine sindikufuna kudzakhalanso pakhonde n'kumaona munthu waima pa mkuyu akufunsa njira ya kwawo. Zikavuta unene kuti zavuta. Tikhoza kusonkherana ya basi, fodya wa chaka chino tagulitsa ku Chinkhoma, sitinapeze zambiri koma ya tikiti siingatikanike. Ukabwera ndi sutikesi yopanda kanthu tidzakulandira, nsima ilipo, munda wa kudambo uja palibe akulima.

Batire yafiira, magetsi anazima kuyambira m'mawa. Amayi ako uwaimbire lero, osati mawa, ali pakhomo madzulo ano, ndawauza kuti foni aitchaje kwa aphunzitsi. Ukatha iwo undiimbire ine kumbali, ndikudikira. Ndipo ukakafika kunyanjako utijambulire ndithu uli m'madzi, tione ngati mantha a pa Bua aja anatha.